KAMA WOTHYOKA SI NKHUNI

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, chimanga chalowa m'nkhokwe, mbuzi zamasulidwa, ndipo nchito ya kumadimba yayamba. Nthawi ngati ino chaka ndi chaka timatenga nkhwangwa kukadula mitengo yanthete ya mpanda ndi ya zichiri za matimati. Koma kuseri kwa nyumba zathu, kuyambira ku Mpingu kufikira ku Nambuma, kuli makama othyoka, zitseko zakale ndi mipando yopanda miyendo, zimene zingodikira moto. Ife tikuti: zinthu zimenezi zipite kudimba.

Taganizani za mtengo umene unapanga kama wa agogo. Akalipentala akale ankakonda mlombwa ndi mbawa. Mlombwa chiswe sichiudya msanga, ndipo umatha zaka makumi ambiri usanakule kufika pochekedwa matabwa. Lero muupeza kuti? Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe, inadulidwa koopsya ndi ootcha makala, kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma linatumizako asilikali kukailonda. Kodi thabwa lotere nloyenera kuphikira nsima ya masiku atatu?

Choyamba, chimene chingakonzeke chikonzedwe. Anyamata ophunzira ukalipentala pa sukulu ya zaumisiri ya ku Namitete ali pakati pathu, apatseni nchito. Chimene mmisiri wachikana, ndicho cha kudimba.

Kama wa munthu mmodzi ali mapazi 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, muyeso wabwino wa nazale. Muikeni pa mphanda zinayi, yalani udzu pamwamba, ndipo mbande za matimati ndi kabichi zapeza mthunzi. Chotsani udzuwo pang'ono-pang'ono kuti zizolowere dzuwa, popeza pakatha masabata 4 kapena 5 ziyenera kuokeredwa. Chitseko chakale chitseke pakhomo pa dimba, pamene mbuzi zimalowera. Madilowa a kabati, mukawaboola pansi kuti madzi azituluka, asanduka mabokosi ofeseramo mbeu. Timatabwa ta mipando tichirikize matimati, zipatso zisagone m'dothi ndi kuola.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Penti wina wakale ali ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana. Thabwa lopaka penti, kapena lopaka oyilo wakuda wa galimoto, likhale kumpanda, kutali ndi ndiwo. Musalitenthe, ndipo phulusa lake musalithire m'mabedi.

Amayi adzati, "Nanga nkhuni?" Funso limeneli nloona, pakuti iwo ndiwo amayenda mtunda wautali ndi mtolo pamutu. Koma kama akapsya wapita. Akakhala kudimba atumikira zaka zingapo, ndipo mitengo imene sitinadule chifukwa cha iye idzakula ndi kutipatsa nthambi zophikira.

Ena aopa kusekedwa, ati anthu adzanena kuti uje wasamutsira nyumba kudambo. Asekeni nawo. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Wogula pa msika wa Nsaru kapena wa Kabudula amayang'ana kukula kwa matimati, safunsa chimene chinawachirikiza.

Chotero tipempha membala ali yense: musananole nkhwangwa sabata ino, yambani mwazungulira nyumba yanu. Pa msonkhano ukudzawu tidzafunsana, mudzi ndi mudzi, kuti ndani wachita.

Mlembi wa Nthambi