"SUCCEED" SI KUWINA, TISIYE KUNAMIZA ANA

Abale anga a pa gulu lino, ndabweranso ine mwana wa msodzi wa ku Senga Bay. Werengani mpaka pansi musanayambe kundinyoza.

Sabata ino ndili ku Chipasula kwa achemwali anga, ndinabwera ku Lilongwe kudzasaka masipeya a injini ya boti. Lachiwiri usiku mwana wawo wa Fomu 3 anandionetsa kope ali wokwiya. Funso linali lakuti: "Who succeeded Bingu wa Mutharika as president?" Iye analemba kuti Peter Mutharika, aphunzitsi n'kumuthetha. Akuti, "Ankolo, succeed si kupambana? Nanga amene anapambana chisankho a Bingu atamwalira si a Peter mu 2014?"

Ndinaseka, koma kenako chinandiwawa, chifukwa nanenso anandiphunzitsa chomwecho: succeed ndi kupambana, basi, lowezani.

Yankho ndi mayi Joyce Banda. A Bingu anamwalira mu April 2012, mayiwa anali wachiwiri wawo, ndipo analumbira pa 7 April popanda munthu kuponya voti. Sanawine kanthu tsiku limenelo, koma Chingerezi chimati anachita succeed. Mu 2014 anaima pa chisankho osawina, koma zimenezo sizifufuta zakuti ndi iwo analowa m'malo mwa a Bingu. Sindikukamba za zipani, ndikukamba za mawu.

Mneni ameneyu ali ndi ntchito ziwiri. Ukati succeed n'kutchula munthu, ndiye kuti kulowa m'malo mwake, monga Charles analowera m'malo mwa mayi ake Elizabeth mu 2022. Mawuwa anachokera ku Chilatini, komwe ankatanthauza kubwera pambuyo pa wina. Ukati succeed in, ndiye kuti chimene unalinga chatheka. Muonetsetse: monsemo mulibe mdani, mulibe munthu amene wagwetsedwa pansi.

Tsopano yerekezani ndi anzake. Win imafuna mpikisano: kuti Bullets iwine, Wanderers iyenera kulira. Pass ndi kudumpha mzere umene wajambula munthu wina. A MANEB ndiwo anaika kuti 1 ndi 2 ndi pamwamba, 9 wagwa, ndipo ukalakwa Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona. Manage ndi kukwanitsa movutikira, mtima uli m'mwamba.

Ndikupatseni chitsanzo cha ku ntchito kwanga. Yamaha ya mahosi 15 yazima pakati pa nyanja, mwera ukuwomba, alovi ayamba kupemphera. Ndapukuta mapulagi, ndamanga apa ndi waya, yalira monyinyirika mpaka tafika kumtunda. Pamenepo ndachita manage. Mawa lake ndamasula kabuleta, ndapeza kuti mafuta anali ndi madzi, ndatsuka thanki, ndasintha impela kuti injini izizizira bwino, boti layenda mwezi wathunthu osavuta. Pamenepo ndachita succeed. Ndawina ndani? Palibe. Ndani wandichonga? Palibe. Chomwe ndimafuna chachitika.

Vuto lili pa mawu athu akuti kupambana. Timati uyu ndi wamtali kupambana uyo, chambo n'chokoma kupambana utaka. M'kati mwa kupambana muli kale munthu wina amene ali pansi pako. Ndiye tikamauza mwana kuti succeed ndi kupambana, tikumuuza kuti moyo wake suyenda bwino mpaka aponde mnzake. Chonsecho Chichewa chili ndi mawu oyenera: kukwanitsa, kutheka, kukwaniritsa cholinga, kulowa m'malo. Tinangosankha amodzi mwaulesi.

Mukuti ndi nkhani yaing'ono? Ine zotsatira za Fomu 4 zitatuluka, mapointi anga sanali oti n'kupita nawo ku yunivesite. Ndinatha miyezi itatu ndikuzemba anzanga, ndikudziona ngati chitsiru. Bambo anga, amene sukulu sanapite nayo patali, anandikokera ku gombe n'kundisiya m'manja mwa mkulu wina wokonza mainjini. Lero mkuluyo maso anafooka, sipanala zake zili ndi ine, asodzi amene ankapita kwa iye amabwera kwa ine. Pa Chingerezi chenichenicho ndachita succeed kawiri: ndalowa m'malo mwake, ndipo ntchito ndikuikwanitsa. Koma pa gulu la anzanga a kusukulu, success ndi chithunzi chotsamira galimoto, mwina ya eni.

Ndayenda masana mu Chipasula muno, ku Kawale, ku Area 23. Anyamata amphamvu zawo ali pa foni kubetcha mpira wa ku England, akuti aise lero ndiphula. Akufuna kuwina, poti tinawauza kuti kuwina ndiye moyo. Funsani mmodzi kuti cholinga chako n'chiyani chaka chino, angokuyang'anani. Munthu wopanda cholinga atha kuwina, koma sangachite succeed, chifukwa palibe chimene amalinga.

Kunyanja ndiye phunziro lake n'lowawa. Ku Malombe chambo chinali mbwee, lero n'chosowa. Msodzi aliyense ankafuna kupha zambiri kupambana mnzake, maukonde a maso ang'ono anakokolola ndi ana omwe. Aliyense anawina tsiku lake, onse pamodzi analuza nyanja. Koma pitani pa chilumba cha Mbenji kwathu ku Salima. Kuyambira m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, kuti nsomba ziswane. Akatsegula, utaka umapezeka. Lamuloli lakhalitsa chifukwa wolowa m'malo amasunga chimene anasiya amene anamutsogolera. Pamenepo matanthauzo awiri aja akumana: cholinga chatheka chifukwa olowa m'malo analipo.

Ndikudziwa ena muyankha kuti iwe makaniko usatiphunzitse Chizungu, success ndi ndalama basi. Ndalama ndimazifuna nanenso, impela sagula ndi matanthauzo a mawu. Koma ndalama ndi chida ngati sipanala. Mayi wogulitsa usipa pa msika amene analinga kuti ana ake atatu amalize Fomu 4, ndipo amaliza, wachita succeed ngakhale alibe njinga. Mnyamata amene wawina miliyoni Loweruka n'kuimwera pofika Lachitatu, wangowina. Ena muti nanga dikishonale yalakwa? Sinalakwe kwenikweni, nthawi zina kupambana kumagwira, monga pa mayeso. Cholakwika ndi kumupatsa mwana tanthauzo limodzi n'kutseka buku.

Aphunzitsi a Chingerezi amene muli pa gulu lino, chonde, mukafika pa mawu amenewa musathamange. Apatseni ana ziganizo zinayi: win, pass, manage, succeed, aone okha kusiyana. Makolo, mwana akabwera ndi zotsatira musamangofunsa kuti wakhala nambala chani. Mufunseninso kuti ukufuna kudzakwanitsa chiyani, ndipo ntchito ya ndani ukufuna kudzaipitiriza.

Mwana wa achemwali uja wakonza yankho lake. Wandipempha kuti holide ikubwerayi apite nane ku Senga Bay akaone m'mene timamasulira kabuleta. Ndamuuza kuti abwere ndi kope lake la Chingerezi lomwe, sukulu asasiye.

Amene mukutsutsa yankhani pompano, koma mubwere ndi chitsanzo osati chipongwe. Enanu tumizani kwa mwana wa sukulu amene mukumudziwa.