Kukuwa kwa karate kuli na mphamvu, koma si mankhwala

Amene munakulira mu komboni mukumbukira tumanyumba twa vidiyo, Bruce Lee alikulira monga cona mu Enter the Dragon ya mu 1973. Filimu ikasila, msewu wonse "hiyaa!" Manje tifunse: kodi kukuwa kuja kumagwetsa munthu?

Ku Japan amati kiai. Ine nikuti mphamvu ilimo, koma ni ing'ono cabe. Mukatulutsa mpweya mwadzidzidzi, minofu ya pamimba imalimba, thupi lonse limapita pamodzi na nkhonya. Mu 2018 ofufuza anapeza kuti omenya thumba na mwendo uku akukuwa anaonjezera mphamvu na 9 peresenti. Congoco cimasokonezanso mdani kwa kamphindi. Mu kendo, ukamenya uli cete oweruza sakupatsa pointi. Olo ma boksa ali nako kao, kaja ka "tss, tss".

Boza ni lija lakuti mau okha angagwetse munthu. Yanagi Ryuken anali kugwetsa ophunzira ake osawakhudza. Atakumana na womenya wa MMA, anam'menya kumaso, nkhani inathera pansi.

Apa ndiye pondidetsa nkhawa. Mwana waphunzira karate miyezi itatu, aganiza kuti angaime na ma junkie asanu usiku ku Kanyama. Amene ali na mpeni saopa "hiyaa", mwe. Makolo, muuzeni asiye foni, athamangire kuli nyali na anthu, uku akukuwa kuti "Kawalala!" kuti a neba atuluke.