MAINA ATHU: Kodi Britta ndi dzina la Cikhristu?

M'makomboni a Lusaka, kaya ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George, mwana amalandira dzina la munthu amene makolo ake safuna kumuiwala. Kale anali agogo kapena azakhali amene anali kuchula dzina mwana akatuluka m'cikuta. Lero nthawi zina ndi namwino amene anathandiza pa ucembere wobvuta, kapena dona amene amai anamgwirira nchito zaka zambiri ku mayadi. Cilandirire ufulu mu 1964, anthu a ku Sweden, Norway ndi Denmark akhala akubwera kuno pa nchito za citukuko, ndipo ena anatisiyira maina ao. Limodzi mwa maina otere ndi Britta. Bvuto limabuka pa tsiku lolembetsa ubatizo, pamene mkatekisti, atalifuna m'buku la oyera osalipeza, auza makolo kuti akasankhe lina.

Ife tikuti mkatekisti ameneyo asafulumire. Britta ndi dzina lofupikitsidwa. Monga ife timadula Elizabeti kukhala Eliza, kapena kuika "ka" patsogolo pofuna kusonyeza ucece ndi cikondi, anthu a ku Sweden amadula Kristina kukhala Stina, Lars, ndiye Laurenti, kukhala Lasse, ndipo Birgitta kukhala Britta, Brita kapena Britt. Ku Denmark amati Gitte, ku Norway Berit. Muzu wake uli ku Ireland, m'dzina la Brigid Woyera wa ku Kildare, amene timamkumbukira pa 1 February, ndipo m'cilankhulo cakale ca kumeneko limatanthauza "wokwezeka". Motero Britta ndi Bridget, dzina lofala kwambiri m'maparishi athu, ndi ana a mimba imodzi. Ena amaganiza kuti a ku Sweden analikonda cifukwa limamveka ngati Birger, dzina lao lacimuna lotanthauza "wothandiza".

Amene analikuza dzinali ndi Birgitta Woyera wa ku Sweden, ndipo mbiri yake iyenera kumvedwa ndi amai a pabanja, pakuti iye sanayambire ku usisteri. Anabadwa mu 1303, mwana wa Birger Persson, mkulu wa zamalamulo m'cigawo ca Uppland. Anakwatiwa ndi Ulf Gudmarsson ali ndi zaka ngati 13, msinkhu umene lero lamulo ndi Eklezia yemwe sangaulole, ndipo anabereka ana 8. Mmodzi, Katarina, amalemekezedwa ngati woyera. Wina, Karl, anamliza amai ake ndi makhalidwe ake kufikira imfa yake ku Naples mu 1372. Amai amene amagona khutu lili kukhomo, kudikira mnyamata wosabwera ku mowa, adziwe kuti woyera ameneyu anaumva ululu womwewo.

Mwamuna wake atamwalira mu 1344, Birgitta sanakhale pansi kulira umasiye. Anayambitsa cipani ca asisteri ku Vadstena, cimene Papa Urban V anacibvomereza mu 1370. Anasamukira ku Roma, kumene anali kusamala amphawi ndi odwala, nalembera Apapa mosaopa, amene masiku amenewo anali kukhala ku Avignon m'dziko la France, kuti abwerere ku mpando wa Petro. Ali wokalamba anayenda ulendo wa ku Yerusalemu, namwalira ku Roma pa 23 July 1373. Papa Boniface IX anamulengeza woyera pa 7 October 1391, ndipo mu 1999 Papa Yohane Paulo II anamuika kukhala mmodzi wa nkhoswe za Ulaya. Ku Sweden, dziko limene linasiyana ndi Roma zaka mazana zapitazo, kalendala imaikabe Birgitta ndi Britta pa tsiku limodzi, 7 October. Eni ake a dzina sakayika kuti awiriwa ndi mmodzi.

Pali cinanso cimene ambiri a ife sitinacimvetse bwino. Malamulo a Eklezia a mu 1917 anali kufuna dzina la Cikhristu, ndipo makolo akaumirira lao, wansembe anali kuonjezapo la woyera m'buku. Malamulo a mu 1983, pa nambala 855, amangopempha makolo, nkhoswe za ubatizo ndi bambo mfumu kuti asapatse mwana dzina lotsutsana ndi mtima wa Cikhristu. N'cifukwa cake Madalitso, Mphatso ndi Tiyamike amabatizidwa ndi maina ao omwe, ndipo kutero n'koyenera. Ngati awa aloledwa, Britta, amene ali ndi oyera awiri kumbuyo kwake, angakanizidwe bwanji?

Makolo angalembetse Britta monga lilili, kapena Birgitta lathunthu n'kumaitana lalifupi pakhomo. Tsiku la nkhoswe yake ndi 23 July. Tingowacenjeza kuti aonetsetse kalembedwe kake pa khadi la ubatizo ndi pa cikalata cobadwira, pakuti pakamwa pa agogo lidzasanduka Bulita mwana asanayambe kukwawa, ndipo kalaliki wa ku sukulu amalemba cimene wamva.