Musatigulirenso Bokosi Lomata

Pepani abale anga a m'tauni, inu amene mwatsekula tsamba lino kufuna kandakatulo kotsitsira tiyi wa Loweruka. Lero muno mulibe uchi. Ndabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo wake ndachoka nawo kwathu ku Neno, boma lija ambiri a inu mumangolidziwira pa Zalewa, pamene mumaimika galimoto kugula thumba la makala kenaka n'kumapitiriza ulendo uku mukudandaula kuti anthu akumudzi akutha mitengo.

Ine ndinali mphunzitsi pa sekondale ina m'bomali. Dzina lake sinditchula, anzanga akadali pomwepo ndipo ali ndi ana oti adyetse. Chaka china kunabwera makompyuta 12, atsopanotsopano, m'makatoni mwake. Tsiku lolandira linali tsiku ndithu. Mbuzi inafa, kwaya inaimba, mafumu anabwera atavala mikanjo, ndipo bwana wina wochokera m'tauni anadula kansalu n'kutiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ana athu alowa m'dziko latsopano. Tinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Bwana anakwera galimoto dzuwa lisanapendeke, kuopa msewu wathu uja andale akhala akuulonjeza phula chisankho ndi chisankho.

Mvula isanagwe kawiri, makompyuta oyaka anatsala anayi. Ena aja tinawafunditsa nsalu ngati maliro. Ana anapitiriza kuphunzira za kompyuta, inde, koma pa bolodi. Ndinadzionera ndekha mnzanga akujambula ndi choko kachipangizo kaja Azungu amakatcha mbewa, ana n'kumakopera m'makope mwawo. Ana a ku Neno, amene mbewa yeniyeni amaidziwa una wake, kukumba kwake ndi kufutsa kwake, akuloweza pamtima ziwalo za mbewa ya choko kuti akakhoze mayeso a MSCE!

Tsono panali mnyamata wina, wophunzira wathu wakale amene mayeso sanamuyendere, yemwe ankakonza mafoni ndi mawailesi pakhonde la golosale. Anabwera mwaulemu, chipewa m'manja, kudzapempha kuti aone chimene chavuta. Akuluakulu a sukulu anakana. Akuti kumbuyo kwa bokosi lililonse kuli kapepala komata, ndipo kakangong'ambika galanti yatha. Akuti ameneyu ndi katundu wolembedwa m'buku, akadzabwera oona za chuma tidzayankha chiyani. Akuti mnyamatayo alibe mapepala. Galanti imene ankaiteteza chonchoyo inali ya sitolo ya ku Blantyre, ndipo panalibe ngakhale tambala yonyamulira bokosi limodzi kupita nalo kumeneko. Inatha yokha galantiyo, ili chimatire.

Loweruka lina nthawi ya holide, kiyi ali kwa ine, ndinamulowetsa. Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la malaya. Bokosi loyamba linali lodzaza fumbi moti fani yoziziritsa inali itaima, ndipo mavu anali atamangamo kanyumba. Lachiwiri linapsa power supply, kabokosi kaja kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwachepetsa mphamvu kuti ziwalo zam'kati zisapse. Lachitatu linangofa hard disk, zina zonse zili bwinobwino. Anachotsa uku n'kuika uku, anapukuta RAM n'kuibwezera m'malo mwake, ndipo nkhuku zisanalowe m'khola, mwa akufa atatu aja awiri anadzuka. Ine malipiro anga inali kalata yondichenjeza kuti ndinalowetsa munthu wamba m'chipinda cha katundu wa sukulu. Ndikadali nayo.

Chandiputa kuti ndilembe lero n'chakuti mphwanga wina wa ku Blantyre, wophunzira bwino ndithu, wandiseka nditamuuza kuti sukulu za kwathu zikapeza kandalama zisamathamangire makompyuta omata, koma zizigula oti tingathe kutsekula, kulumikiza tokha ndi kusinthanitsa ziwalo. Akuti, "Amalume, zomanga kompyuta wekha ndi masewera a ana a mabwana ofuna makina ochitira magemu. Munthu wofuna ntchito amangogula." Ndipo si iye yekha. Maganizo amenewa ndi amene ali m'mitu ya ogula katundu wa boma, a mabungwe, ngakhale aphungu amene amabwera ndi mphatso chisankho chikayandikira.

Ndisaname, mphwangayo ali ndi mfundo, ndipo ndimupatsa yake. M'Malawi muno palibe amene amapanga purosesa. Zimenezo zimachokera ku mafakitale a ku Taiwan, South Korea, America ndi China, ndipo ngakhale maiko olemera a ku Ulaya amakagula komweko. Tikati kumanga kompyuta tikutanthauza kulumikiza ziwalo zopangidwa kale: motherboard, purosesa, RAM, chosungira zinthu, power supply ndi bokosi lake. Chiwalo chilichonse chimalira ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zonsezi inauluka. Choncho amene angakuuzeni kuti kulumikiza kompyuta ndi ziwalo zatsopano n'kotchipa pano akukunamizani. Kawirikawiri yotchipa ndi ija inagwirapo ntchito mu ofesi kunja, ya Dell kapena HP, yobwera pa kontena. Pamenepo sinditsutsa.

Koma mtengo wa tsiku logula si mtengo wa chinthu. Funsani mlimi aliyense wa kachewere kumapiri a kwa Dambe chifukwa chake amakonda njinga yakapalasa yachikalekale. Si kukongola ayi. N'chifukwa chakuti ikathyoka sipoko, pamsika pali sipoko ndipo pali munthu woidziwa. Kompyuta ku Neno ili ndi adani amene ku ofesi ya ku Capital Hill sawadziwa: fumbi la chilimwe, kutentha kwa kumunsi ku Lisungwi, mphenzi ya dzinja, ndi magetsi ongoti phethi kuzima, phethi kubwera ndi ukali wake wonse. Kompyuta imeneyo idzafa basi, kaya ndi yatsopano kaya ndi yakale. Funso ndi lakuti ikafa, ndani adzaidzutse, ali mtunda wautali bwanji, ndipo kodi bokosilo limalola kutsekulidwa? Malaputopu ambiri a masiku ano, opyapyala ngati chipapati, amabwera RAM itawotchereredwa pa motherboard ndipo batire litamatidwa ndi guluu. Kachiwalo kamodzi kakafa, chonsecho n'chotaya. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Za magetsizi ndiimepo pang'ono, chifukwa zimandiwawa. Mtsinje wa Shire, umene uli malire athu ndi Blantyre, ndi umene umapukusa makina a ku Nkula ndi ku Tedzani. Nkula A inayamba kupereka magetsi mu 1966. Mawaya akuluakulu amadutsa pamwamba pa midzi yathu kupita kukayatsa mafiriji anu. Koma kalembera wa 2018, yemwe anapeza anthu oposa 138,000 m'boma la Neno, anapezanso kuti m'dziko lonse nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Ndiye munthu wogulira sukulu ya kumudzi makina olira magetsi ngati mbaula, osafunsa n'komwe ngati kuli waya, amakhala akuganiza chiyani? Chikhalirecho kuyambira 2012 kunja kuno kuli kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'chikhato, kamene kanayamba kugulitsidwa pa madola 35 ndipo kamatha kuyenda ndi sola yaing'ono ndi batire. Kamabwera maliseche, kopanda bokosi, moti mwana amatha kuona m'kati. Koma kotereko bwana sangadulire kansalu. Sikaoneka bwino pa chithunzi.

Ndiye wina anena kuti izi ndi maloto a mphunzitsi wopuma. Chabwino, tiyeni ku chipatala, kumene kompyuta ikafa pamakhala moyo wa munthu. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timati Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health sanadikire makina apamwamba. Anatenga timakina totchedwa I-Opener, timene ku America malonda ake anali atalowa pansi, n'kutisintha kuti tikhale ndi sikirini yongokhudza ndi chala. Kalaliki amene sanagwirepo kompyuta ankalembera wodwala pomwepo, makina n'kusindikiza kapepala ka timizere komata pa kabuku ka kuchipatala. Anyamata ndi atsikana a Chimalawi anaphunzira kulumikiza makinawo, kuwakonza ndi kulemba mapulogalamu ake, ndipo njira imeneyi inadzafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV m'dziko muno. Zinayamba ndi zinthu zimene ena anataya, kuphatikiza anthu ololedwa kuzitsekula.

Ngakhale kwathu komwe ku Neno umboni ulipo. Bungwe la Partners In Health, limene ife timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika mu 2007 kudzagwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo. Posunga mbiri ya odwala anagwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu imene inayambika mu 2004 mogwirizana ndi a Regenstrief Institute a ku America, ndipo inayamba kugwira ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya ndi ku Rwanda. Ubwino wa OpenMRS si kuti ndi yaulere chabe. Ndi yosakhoma. Aliyense wodziwa angathe kuona m'mene inalembedwera n'kuisintha kuti igwirizane ndi chipatala chake, kaya akufuna kutsata odwala a HIV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Ngati boma la kumapiri ngati lathu latha kusunga mbiri ya odwala pa chinthu chotsekuka, n'chifukwa chiyani sukulu yoyandikana nacho chipatalacho iziuzidwa kuti kutsekula bokosi ndi mlandu?

Ndipo taonani chimene ogulitsa atichita posachedwapa. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale ngakhale ali amoyo ndithu. Ndiye kuti munthu wokhala ku America, amene Neno sanaimvepo, walamula kuti kompyuta ya pa sukulu yathu yakalamba. Wodziwa kugula kokha ayenera kukapemphanso kwa opereka thandizo. Wodziwa kutsekula amangoikamo Linux, mwachitsanzo Ubuntu imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, makina aja n'kupitiriza ntchito zaka zina zingapo popanda kulipira laisensi. Kusiyana kwa anthu awiriwa si ndalama. Winayo analoledwa kugwira sikuludiraiva ali mwana.

Pano ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kutchula William Kamkwamba. Timamukonda kwambiri Kamkwamba ife, makamaka m'malankhulidwe a pa misonkhano. Mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi ndi ziwalo za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Analankhula ku Arusha mu 2007, buku linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Zonsezo n'zoona ndipo ulemu ndi wake. Koma chinyengo chathu chili apa: timamuombera m'manja chifukwa Azungu anayamba kumuombera. Akanabwera pa sukulu yathu ija asanatchuke, atanyamula zitsulo zake, tikanamufunsa mapepala. Tikanamuuza za kapepala komata. Ndikudziwa chifukwa ndinaona tikuchita zomwezo kwa mnzake.

Sindikunena kuti mphatso n'zoipa, kapena kuti matabuleti amene boma layamba kugawa m'sukulu za pulayimale ophunzitsira kuwerenga ndi masamu alibe ntchito. Mwana akadziwa kuwerenga, zikomo. Ndikungofunsa kuti mwa ndalama zonse zogulira, ndi zingati zimene zimapatulidwa kuti m'boma lililonse mukhale anthu odziwa kukonza, okhala ndi ziwalo zosinthira pafupi? Tili ndi TEVETA kuyambira 1999. Tili ndi makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Tili ndi MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre zotulutsa akatswiri chaka ndi chaka. Komabe kompyuta ikazima ku Ligowe kapena ku Matope, mphunzitsi wamkulu amalemba kalata n'kumadikira, ngati kuti wodwalayo ndi wa ku Mwaiwathu.

Chimene ndikufuna n'chochepa, ndipo ndichinena mosapsatira kwa inu ogula ndi inu opereka. Mukafuna kutipatsa makompyuta 12, tipatseni 10, ndalama ya awiri otsalawo mugule ma power supply osinthira, zotchinjiriza ku magetsi aukali, masikuludiraiva, ndi kulipira munthu wa konkuno woti aziwaona. Mugule a zomangira, osati omata. Ndipo kompyuta ikafa, musaifunditse nsalu: iikeni patebulo, ana a Fomu 3 aizungulire, aimasule chiwalo ndi chiwalo mpaka adziwe chimene chapha. Akaiononga, aononga chakufa kale. Lamulo la katundu wa boma limene limalanga wotsekula bokosi koma osalanga woliwoletsa lisinthidwe, chifukwa pakali pano mphunzitsi wamkulu wochenjera amadziwa kuti makina 12 akufa koma omata bwino ndi otetezeka kuposa 10 amoyo ong'ambika kapepala.

Mphwanga uja ndamuyankha kale pafoni, koma anangoseka n'kundifunsa ngati ndikufuna anditumizire laputopu yake yakale. Ndamuuza atumize, pamodzi ndi sikuludiraiva yake yomwe. Vuto ndi lakuti woti aitsekule kulibe. Mnyamata wa pakhonde la golosale uja anakwera basi zaka zapitazo, ndipo amayi ake akuti ali ku Johannesburg, akukonza mafoni ndi malaputopu mu shopu ya mwini wake. Nditadutsa pa sukulu paja mwezi wathawu ndinasuzumira pawindo la chipinda chija. Mabokosi onse 12 alipo, palibe losowa, ndipo nsalu anasintha, anaika yatsopano.