Tileke Kuopa Sikilini Yakuda

Tonse amene tinaphunzilako kompyuta tiidziwa foni ija. Amalume ali ku Chipata, ife tili mu Lusaka, laputopu yao yakana intaneti, ndipo mawa afunika kutumiza mafomu. Tiyamba: "Amalume, dinizani kacizindikilo kali pansi kumanja." Iwo akuti, "Kulibe." Ali pa Windows 10, ife tiyang'ana Windows 11, mamenyu asiyana. Talk time yatha, vuto ikalipo.

Anzathu ena amati, "Ikani cabe AnyDesk kapena TeamViewer muone sikilini yao." Manje AnyDesk idzagwila bwanji pa makina amene alibe intaneti? Ngakhale netiweki ikhalepo, mapulogilamu awa amatumiza zithunzi za sikilini mosalekeza. Bundle ipita, ndipo netiweki ikafooka, mouse imayenda monga kamba.

Ife tikuti: tumizani mau. Amalume adinize batani ya Windows pamodzi ndi R, alembe cmd, ndiyeno ping 8.8.8.8, ajambule zotuluka ndi foni, atitumizile pa WhatsApp. Ikayankha, koma ping google.com yakana, vuto ili pa DNS, ndipo tiyamba ndi ipconfig /flushdns. Zonse zikakana, alembe ipconfig. Adilesi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti router sinawapatse adilesi, aizimitse ndi kuiyatsanso. Mau awa ni amodzimodzi pa Windows 7, 10 ndi 11. Mabatani amasamuka, command siisamuka.

Mudzati command ni yoopsa, munthu angafafanize zinthu zake osadziwa. Zoona. Ndiye cifukwa cake sititumiza command imene sitingaifotokoze m'Cinyanja, ndipo amalume tiwauza kuti asalembe ciliconse cocokela kwa mlendo. Koma tisaiwale kuti akuba a pa foni naonso amakonda kuuza anthu kuti aike pulogilamu yoonela sikilini. Zithunzi sizinatetezepo munthu.

Sitikuti mouse itayidwe. Pokonza cithunzi kapena kalata, ni yabwino. Koma pothandiza munthu ali kutali, pa netiweki yathu ino, mau ndiwo afika.

Ndipo pali nkhani ya nchito. Maseva ambili amayendela Linux, ndipo amalowedwa ndi SSH, kopanda kabatani kodiniza. Tikapitiliza kuthawa sikilini yakuda, nchito zimenezo tidzazionela pa windo. Tsegulani cmd lelo, mulembe ping.