ZA PA KOMPONI: Kodi Munadzeranji Kuno?



Sabata ino tikambirane za kapepala kamene sikalembedwa ndi kalaliki wa ku ofesi. Munthu ali yense poyamba nchito amasaina pangano ndi kampani, lonena za masiku ace ndi malipiro ace. Koma ngocepa amene amapangana ndi mtima wao. Makampani akuru amalemba colinga cao m'mau owerengeka, nacipacika pa cipata kuti onse aciwerenge. Nanga inu amene mutsika m'kheji tambala asanalire, colinga canu cinalembedwa pati?

Makolo athu anali nalo dzina la munthu wotaya colinga: ankamucha mchona. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, atapita ndi Wenela. Ambiri anabwerera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera. Ena sanaonekenso. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anakwera ndege pa Chileka ali ndi mtima wakuti mkazi ndi ana awasiya mpaka muyaya. Kuchona kumadza pang'ono pang'ono. Mwezi uno kalata sinalembedwe. Mwezi wamawa ndarama zathera ku mowa ndi juga. Pofika caka cacitatu munthu acita manyazi kubwerera cimanjamanja, ndipo manyaziwo amammanga kuposa unyolo. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Analiponso ena amene ankati, "Ndidzayamba kusunga pa joini inayo." Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha anchito 74 a ku Malawi, ndipo boma la Dr. Banda linaletsa kulemba anthu. Njira inatsegukanso mu 1977, koma mu 1988 inatsekeka ndithu. Kwa amuna ambiri joini inayo sinafike konse. Ngakhale lero mgodi umatha kutsekedwa mwezi umene simuyembekezera.

Tsono tengani pepala. Ambiri akauzidwa kulemba colinga amayamba kundandalika katundu: malata 30, ng'ombe ziwiri, njinga yamoto. Zimenezi nzabwino, koma sizikwanira, pakuti katundu ukagulidwa pepalalo latha nchito, ndipo ukapanda kugulidwa munthu ataya mtima. Pa cinthu ciri conse dzifunseni kuti, "Ndicifuniranji?" Malata ndiwafuniranji? Kuti amai asagonenso m'nyumba yodontha. Ng'ombe ndizifuniranji? Kuti ndikaleka nchito ndisakapemphe kwa munthu. Apo ndiye mwafika pa zimene mtima wanu uyesa zazikuru: kusamala makolo, ndi kudziimira pa nokha. Njira ina yozipezera ndi kukumbukira tsiku limene munakwiya kwambiri poona cocita ca mnzanu. Amene mtima unamuwawa poona munthu akunamiza mkazi wace za malipiro, ameneyo amakonda coonadi, ngakhale sanaciche dzina.

Musacurutse. Zitatu zikwana. Munthu wolemba makhalidwe khumi ndi awiri wangokopera ulaliki wa abusa, ndipo pa tsiku la mayeso sadzakumbukira ngakhale limodzi.

Mayesowo amadza pamene zinthu ziwiri zabwino zilimbana. Bonasi njabwino, ana adya. Moyo nawonso ngwabwino. Tsono tsiku lina mwala wa pamwamba ukumveka mphako pougogoda, gulu lonse lifuna kutsiriza mamita a mweziwo, ndipo anzanu akuyang'anani ngati wamantha. Ku South Africa lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996, pa ndime 23, lipatsa wanchito ufulu wocoka pa malo amene aona kuti pali ngozi yaikuru. Ufuluwo ulipo, koma lamulo silingakunyamuleni miyendo. Amene analemba kale ali phee m'cipinda kuti "ndidzabwerera kwathu wamoyo" sayamba kuganiza nkhaniyo mwala uli pamutu, anaiweruza kale. Cimodzimodzi za fumbi: cophimba pamphuno cimatopetsa pa kutentha kwa pansi, koma silikosisi iribe mankhwala ocizira, ndipo amuna ambiri amene akufunsa cipepeso ku Tshiamiso Trust, imene inayamba mu 2020, anapuma fumbilo ali anyamata amphamvu.

Za katapila, amene kuno amuti mashonisa, sindicurutsa mau. Mukumdziwa nonse, ndipo mudziwa kumene makadi a ku banki a anzanu agona.

Pepala lanu lingamveke motere, ngakhale mau akhale anu anu:

"Ndinadza kuno kuti ana anga aphunzire ndi kuti makolo anga asavutike. Ndidzatumiza gawo la kwathu tsiku la malipiro, ndisanagule kanthu kanga. Sindidzagulitsa moyo wanga kapena wa mnzanga cifukwa ca bonasi. Sindidzabisa malipiro anga kwa mai wa kunyumba. Mwana womariza akatsiriza sukulu, ndipita kwathu."

Onani kuti mau ali onse m'menemo angathe kuyesedwa. "Ndidzakhala munthu wabwino" nkosavuta kulemba, cifukwa palibe angakutsutseni. Koma "ndidzatumiza tsiku la malipiro" liri ndi mboni yace, ndiyo risiti. Cifukwa cace pepalalo likhale pamodzi ndi mapepala a malipiro, kuti ziwirizi zizionana mwezi ndi mwezi.

Muwerengereni mnzanu mmodzi wa kwanu amene saopa kukudzudzulani, osati woseka naye pa mowa. Awerengereninso amai a kunyumba pa foni. Kawiri kawiri iwo adzaonjezapo mzere umene inu munaulumpha dala. Amene dzanja silizolowera colembera asacite manyazi: anene mau ace, mnzace alembe, kapena awajambule pa foni. Ndipo pobwera ku chuthi muliwerengenso, pakuti mnyamata amene analemba asanakwatire adzafuna kusintha mizere ina mwana akabadwa.

Amene afuna kuti mau ace aoneke pa tsamba lino atumize kwa Mkonzi. Dzina sitidzachula, koma dera la kwanu lokha.