Musatilalikire za semantic web, tipatseni khasu lake

Talembani mau oti Limbe pa foni yanuyo. Makinawo sadziwa ngati mukunena Limbe wathuyu, woyandikana nafe a ku Chinyonga, kapena Limbe wa ku Cameroon wa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Blantyre nayenso alipo awiri: wathuyu ndi wa ku Scotland komwe adabadwira David Livingstone. Tikati Kamuzu ndiye mutu ungazungulire: munthu, bwalo la mpira, chipatala kapena bwalo la ndege? Ife anthu timamva potsata nkhani yomwe ili pakamwa. Kompyuta imangoona zilembo basi.

Vuto limeneli ndi lomwe Tim Berners-Lee, mkulu uja adayambitsa World Wide Web mu 1989, adafuna kuthana nalo ndi chimene adachitcha semantic web. Ganizo lake silovuta ai. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala kapena adiresi yakeyake, ndipo mfundo iliyonse ilembedwe m'zigawo zitatu: chinthu, ubale wake, ndi chinthu chinzake. Chinyonga ali mu Blantyre. Blantyre ali m'Malawi. Zikatero makina atha kulumikiza okha kuti Chinyonga ali m'Malawi popanda wowauza. Mu 2001 iye pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila adalemba m'magazini ya Scientific American kuti makina adzayamba kukambirana okhaokha n'kutipezera tsiku lokaonana ndi dokotala.

Nanga chidavuta n'chiyani? Kunena mosapsatira, akatswiriwo adasulira zida akatswiri anzawo. RDF, OWL, SPARQL: maina okhawo ngothawitsa munthu. Ine sindidamalize ku yunivesite, koma ndikukaika ngati anzanga adavala mikanjo aja angakhale pansi Loweruka masana kulemba zimenezo popanda cholowa. Munthu ankapemphedwa kukhetsa thukuta lero kuti mlendo wosamudziwa adzapindule mtondo. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zinthu zidayamba kuyenda phindu litasendera pafupi. Mu 2011 Google, Microsoft ndi Yahoo adagwirizana pa schema.org: ukalemba mtengo wa katundu ndi nthawi yotsegulira sitolo yako m'njira yomwe adagwirizanayo, zimaonekera poyera anthu akamafufuza. Amalonda adathamangira, ambiri osadziwa n'komwe kuti akuchita semantic web. Mu 2012 kudabwera Wikidata, komwe munthu amangodzaza timabokosi. Kumeneko Malawi ndi Q1020, kaya mumtchule m'Chichewa, m'Chifalansa kapena m'Chitchaina.

Koma phunziro lenileni lili kwathu konkuno. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a Baobab adaika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo mu 2006 adafika nawo ku Queens, kumalo olandirira ma ARV. Mphamvu ya makinawa sidagone pa masemina a kunyanja aja ai. Galasilo linkafunsa funso limodzi nthawi imodzi, namwino n'kungosankha yankho ndi chala. Kenaka kamakina kankalavula kapepala komata m'kabuku ka kuchipatala, kokhala ndi nambala ya wodwala m'timizeremizere. Wodwala akabweranso, mbiri yake inkatuluka pompo, osati kalaliki kukatukula mafailo mulu wonse. Kuseri kwa galasilo, nthenda ndi mankhwala zidali m'ndandanda umodzi, kotero kuti chifuwa chachikulu cha namwino uyu chidali chimodzimodzi ndi cha namwino uyo. Inde, siidali semantic web yeniyeni, popeza mbiri ya wodwala siyoyanika pa intaneti. Koma mtima wake ndi womwewo, ndipo namwino adaulandira chifukwa mzere wa odwala udali pakhomo pake, osati chifukwa adakhutira ndi ulaliki.

Mwina wina afunse kuti zikutikhudza bwanji ife odya bonya. Abale anga, makina amene akuyankha mafunso a ana athu masiku ano amadya zomwe zidalembedwa mwadongosolo. Zathu zikasowa, amangopeka, kapena kutipatsa za Limbe wa ku Cameroon. Taonani momwe timalondolerana njira m'makwalalamu: mukafika pamtengo wa mango mukhotere kumanzere, geti lofiira. Ambulansi usiku ilione bwanji geti lofiira? Ntchito ya MACRA yopatsa misewu maina ndi nyumba manambala ndi yabwino, koma isathere pazikwangwani. Ndandanda wake ukhale poyera, m'njira yoti makina a wina aliyense awerenge. Chimodzimodzi malipoti a m'maofesi a boma amene amatuluka mu PDF: chimenecho ndi chithunzi cha pepala chabe, manambala ake munthu achite kuwakoperanso pamanja.

Kwa achinyamata a ku MUBAS, Poly yakale ija, pempho langa ndi ili: musayambe ndi RDF, yambani ndi mayi wogulitsa mankhwala pa famase ya mu Limbe. Mpangireni kanthu konga Mpamba kapena Airtel Money, koyenda pa kafoni ka mabatani, m'Chichewa, komuwerengera katundu ndi kumuchenjeza mankhwala akatsala pang'ono kutha mphamvu. Manambala ndi maubale aja abisale kuseri. Iye akasangalala kuti sakutayanso ndalama, nafenso tidzatha kufunsa foni kuti insulin ali famase iti lero tisadakwere minibasi.